Liwiro la kwa Mdzinga

Minibasi inamutsitsa pa Namitete n'kunyamuka ndi chikwama chake.

Prisca anakuwa. Kondakitala sanamve. Anavula nsapato n'kuyamba kuithamangitsa, siketi ataigwira m'manja. Amayi ogulitsa tomato anaseka. Anyamata a kabaza anaimba malikhweru. Minibasi inkalowera ku Mchinji, ndipo mpweya wake unathera pa mtengo wa kutsogolo kwa chigayo.

Pomwepo wina anamudutsa. Mwamuna wamtali, kabudula wakuda, chipewa chofiira. Sankaoneka wopupuluma. Mapazi ake ankagunda phula mofanana, ngati misi iwiri mu mtondo umodzi. Anaipeza minibasi ikukweza munthu wina, n'kubwerera ndi chikwama paphewa. Sankapuma wefuwefu n'komwe.

"Katundu wanu ndi uyu, achemwali. Koma miyendo mukuiwononga."

"Ndaiwononga bwanji?"

"Mwanyamuka ngati mbawala yoona galu. Mwathera pa mtengo. Kuthamanga sikufuna mkwiyo."

Prisca anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Amuna othandiza mwachangu ankawadziwa. Anakulira ku Ndirande. Anagwirapo ntchito ku Zomba, ku Mzuzu, ku Salima. Palibe malo anamusunga. Palibe mwamuna anamunamiza kawiri. Kuno anabwera kudzagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ina, ndipo sankayembekeza kukhalitsa.

Mwamunayo anati dzina lake ndi Evance. Mlangizi wa alimi a fodya. Kwawo ku Ntcheu. Ankachita lendi chipinda kuseri kwa msika, yekha. Mawu akuti "yekha" anawanena asanafunsidwe.

Anamuuzanso za gulu lawo lothamanga. Pafupifupi onse anali obwera: anamwino, aphunzitsi, apolisi awiri. Ankakumana mbandakucha pa siteji pomwepo. Ankakonzekera marathoni ya mumzinda wa Lilongwe, kumapeto kwa nyengo yozizira.

Prisca anati aona. Lachiwiri anapita, kuti angoona basi.

Mkulu wa gululo anali a Gibson a ku Mpingu, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Iwo sankathamanga. Ankatsatira pa njinga, kumbuyo atamangirira chigubu cha madzi ndi chikwama chosungira mafoni a anthu.

Chiphunzitso chawo chinali chimodzi. Marathoni ndi makilomita 42. Woyamba ndi ukali amathera panjira. Munthu asankhe liwiro limodzi, lomwe adzathamange tsiku la mpikisano, n'kuliphunzitsa thupi mpaka miyendo ilidziwe ngati njira ya kumjigo. Loweruka lililonse gulu linkayeserera liwiro limenelo pa mtunda wautali.

Muyeso wake unali wawowawo.

"Ukakumana ndi munthu, um'patse moni wonse," anatero a Gibson. "Iye ayankhe, iwe uthokoze. Mpweya ukakuthera pakati pa moni, ndiye kuti wathamangitsa. Kuno si ku Ndirande, mwana wanga, kodutsana ngati mbuzi."

Choncho gululo linkathamanga likupereka moni. Kwa amayi osenza nkhuni. Kwa ogulitsa makala. Kwa oyendetsa ngolo. Anthu a m'njira anayamba kuwazolowera, ena n'kumakonzekeratu yankho.

Wosunga liwiro anali Evance. Ankakhala kutsogolo, foni yaikulu atamangirira pamkono, wotchi yakuda kudzanja. Koma wotchiyo sankaiyang'ana kawirikawiri. Pokwera, potsika, mphepo ya Juni ikumenya kumaso, mapazi ake ankagunda chimodzimodzi. Anzake ankangomutchula kuti Wotchi.

Sabata yoyamba Prisca anasanza m'mbali mwa munda wa chimanga. Yachiwiri anafika womaliza. Pomatha mwezi anali atasendera kutsogolo, ndipo foni yake inali itayamba kulira ndi mauthenga a Evance dzuwa lisanatuluke.

"Mbawala yanga, wadzuka? Lero uthamange kumanzere kwanga. Ndi kumene kuli mtima."

Iye anayankha kuti: "Nanga kumanja kuli ndani?"

"Fumbi lokha, wapamtima."

Anaseka yekha m'chipinda. Anadzidzudzula chifukwa chosekacho. Koma anathamanga kumanzere.

Evance ankadziwa kusamala mkazi. Ankamugulira nzimbe n'kumusendera. Ankamumangira zingwe za nsapato atagwada pa fumbi, anthu akuona. Matuza atatuluka m'mapazi, anabwera ndi mafuta n'kupaka yekha. Ankamuphunzitsa kupuma: mapazi awiri kukoka, mapazi awiri kutulutsa. Ankati amvere mapazi ake, asamvere mantha.

Tsiku lina, ali pa chiwaya kudya tchipisi, anamugwira dzanja.

"Pa marathoni tikalowa limodzi, dzanja m'dzanja. Madzulo ake ndikagwada kwa amalume ako. Sindikufuna za chibwenzi zongoyendayenda, Prisca. Ndikufuna ukhale pamodzimodzi, pafupi ndi ine."

Palibe mwamuna anali atatchulapo amalume ake. Mkazi wosakhazikika uja anayang'ana mchere umene unali pa zala zake. Mlungu womwewo anaimbira amalume ake ku Area 25. Amalumewo anasangalala kwambiri. Anati auza ankhoswe akonzeke, ndipo adzawadikira pa mzere womalizira.

Tsopano nkhani inali m'manja mwa akuluakulu. Ndipo ndi pamene maso a Prisca anayamba kuona tinthu.

Evance anali ndi kafoni kena, ka mabatani. Kankakhala kozimitsa nthawi zonse akakhala limodzi. Ankati ndi ka alimi, ndipo alimi sadziwa nthawi yoimba. Masabata ena ankasowa kuyambira Loweruka masana mpaka Lolemba. Ankati akukayendera zigafa ku Nambuma. Pobwera, malaya ankakhala osita bwino, akununkha utsi wa simbi ya makala. Tsiku lina anabwera ndi mtedza wokazinga, womangidwa m'kansalu. Mfundo yake inali yaing'ono, yaukhondo. Kodi mwamuna amamanga mfundo yotere?

Anafunsa. Evance anati ndi mphatso ya mkazi wa mlimi wina. Alangizi amapatsidwa zotere.

Prisca anakadandaula kwa Linda, namwino wa m'gulu lomwelo, mnzake yekhayo pa Namitete. Linda anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati Prisca angakayikire ngakhale mthunzi wake. Mwamuna wosita malaya ndi mlandu tsopano? Anati amuna abodza satchula amalume, amathawa mawu amenewo ngati katemera.

"Chikukuvuta ndi tauni, mwali. Wazolowera akamberembere."

Mwina zinali zoona. Prisca anaziika pambali.

Mitunda itayamba kutalika, a Gibson anati phula alisiye. Malole a ku Mchinji sadziwa marathoni. Anasankha msewu wa fumbi wolowera chakumpoto, mbali ya ku Nsaru. Wosalala, wopanda magalimoto ambiri.

Evance anakana. Anati fumbi limawononga chifuwa. Anati kuli agalu. Anati milatho ya kumeneko ndi yothyoka. Prisca anali asanamumvepo akutsutsana ndi a Gibson. A Gibson anamvetsera zonse, kenako n'kukwera njinga kulowera ku msewu wa fumbi uja.

Loweruka loyamba zinayenda bwino mpaka patali. Minda ya fodya yokolola kale. Zigafa zopanda kanthu. Utsi pa madenga. Moni apa, moni apo. Kenako anafika pa mudzi wa kwa Mdzinga: mjigo, mtengo wa mkuyu, nyumba zandanda kudzanja lamanja la msewu.

Mapazi a Evance anasintha.

Prisca anazimva m'chifuwa asanazione ndi maso. Pa mjigo panali amayi. Prisca anatsegula pakamwa kuti apereke moni. Mawu anathera pa "mwadzu". Gulu lonse linatambasuka ngati lamba, ena n'kutsalira kumbuyo. Atangodutsa nyumba yomaliza, Evance anabwerera pa liwiro lakale, ngati palibe chachitika.

Anati anaona galu.

Loweruka lachiwiri zinachitikanso, pamalo omwewo. Nthawi ino anati amayesa gulu. Pa mpikisano pamafunika nthawi zina kudutsa anthu mwachangu. A Gibson anapukusa mutu. Anati zimenezo si za m'phunziro lawo.

Loweruka lachitatu Prisca sanayang'ane msewu. Anayang'ana Evance. Mkuyu utangoonekera, mwamunayo anakokera chipewa kumaso. Kenako anamukhudza pa chigongono.

"Bwera kumanja kuno, pali miyala uko."

Panalibe miyala. Kumanja ndi kumene kunali nyumba. Anadutsa mudziwo Prisca ali pakati pa Evance ndi makomo a anthu. Atadutsa, Evance anamubwezera kumanzere.

Ndiye iye anali chiyani? Wapamtima, kapena mpanda?

Masana a tsiku limenelo Evance anabwera ku sitolo, malalanje ali m'jumbo. Prisca sanawalandire. Anamufunsa chimene chili kwa Mdzinga. Evance anati ndi mudzi ngati midzi ina. Anamufunsa chifukwa chake Wotchi imafa pamalo amodzi okha, sabata ndi sabata. Evance anaseka, koma kusekako kunachedwa pang'ono kubwera.

Ndiye anafotokoza. Anati kumeneko kuli mlimi wina amene fodya wake anakanidwa ku msika, ndipo amati wolakwa ndi mlangizi. Munthu waukali, wa chikwanje. Sankafuna kuti Prisca achite mantha, ndi chifukwa chake anabisa.

"Galu, mayeso, miyala, tsopano chikwanje," anatero Prisca. "Mudzi umodzi, zifukwa zinayi."

"Mbawala yanga, ndiyang'ane. Ndingakunamize ine? Ndikanakhala ndi chobisa, ndikanakupempha kuti ndikaone amalume ako? Mtima wanga ndi chipinda chimodzi. Mulibe pobisala munthu."

Maso ake sanaphethire. Anasenda lalanje n'kumuika kachidutswa pakamwa. Linali lotsekemera. Prisca anadana nako kutsekemerako.

Madzulo uthenga unabwera.

"Usalole mudzi wa eni uwononge zathu. Iwe ndiwe mzere wanga womalizira."

Anauwerenga kangapo. Anafuna kuukhulupirira. Ankafunitsitsa! Koma chifuwa chake chinkakumbukira pomwe mpweya unkathera.

Kunatsala Loweruka limodzi la mtunda wautali mpikisano usanafike. Lachinayi Evance anayamba kudandaula bondo. Anati mwina apume, wina asunge liwiro.

Prisca anati apume, palibe vuto. Iye akathamanga. Ndipo pa mjigo wa kwa Mdzinga akaima, amweko madzi, acheze ndi amayi aja. Anali ndi ngongole ya moni kwa iwo.

Lachisanu bondo linachira. Evance anabwera masana ndi mpunga, anaphika yekha, anati ndi chakudya cha othamanga. Kafoni ka mabatani anakazimitsa ali pakhomo, n'kukaponya m'thumba la jekete. Sanakayatsenso.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. A Gibson anati lero ndi tsiku loona ngati thupi laphunzira. Liwiro la mpikisano, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wosawonjezera, wosachepetsa. Ponena mawu amenewa ankayang'ana Evance.

Ananyamuka. Prisca anali kumanzere. Mapazi awiri kukoka, mapazi awiri kutulutsa. Miyendo inali yopepuka kuposa masiku onse. Moni unkatuluka wonse. Kamodzi Evance anamufunsa ngati akadali ndi maganizo oima pa mjigo. Prisca anati ludzu ndi limene lidzanene.

Dzuwa linali litakwera pang'ono pamene mkuyu unaonekera. Dzanja la Evance linapita kuchipewa. Mapazi ake anayamba kufulumira.

Kenako anaima.

Pamsewu panali masamba. Nthambi zaziwisi, zoyalidwa kuchoka mbali ino kufika mbali inayo. Chapatali kunkamveka nyimbo ya amayi, yotsika, yokoka.

Maliro.

Ngakhale mwana wa ku Ndirande amadziwa lamulo la masamba. Wa galimoto amachepetsa liwiro. Wa njinga amatsika. Wa chipewa amavula. Palibe amathamanga.

A Gibson anali atatsika kale pa njinga, chipewa chili m'manja. Linda anamasula chitenje chomwe ankamanga m'chiuno n'kudzikulunga. Gulu lonse linaima, likupuma.

Evance anati abwerere pomwepo. Mtunda wotsalawo akaukwaniritsa kutsogolo kwa Namitete. Anati si bwino kulowa pa maliro ndi makabudula. Ankalankhula mofulumira, nkhope atalozetsa kumene anachokera.

A Gibson anati ayi. Anthu awaona kale. Awa ndi anthu omwe akhala akuwadutsa pakhomo Loweruka lililonse. Kutembenukira pa masamba osapepesa ndi mwano umene iwo sangaunyamule.

"Vulani chipewa, a Evance."

Evance sanasunthe.

Prisca anatambasula dzanja n'kumuvula yekha. Anamupatsa m'manja. Kenako anadumpha masamba aja.

"Tiye. Lero tipereka moni wonse."

Anayenda wapansi. Mudzi umene ankaudutsa ngati mphepo unali ndi nkhope tsopano. Abambo anakhala pansi pa mkuyu. Amayi anazungulira nyumba ya malata, yachitatu kuchokera pa mjigo. Amayi a Chigwirizano, mabulauzi oyera, ankaimba pakhonde. Mayi wina wa maso ofiira anaona miyendo ya Prisca, n'kumasula chitenje chake chapamwamba kumupatsa. Prisca anathokoza n'kuvala.

Evance ankayenda pakati pa apolisi awiri aja, mutu uli pansi. Koma anali wamtali kuposa onse.

Bambo wina wachikulire anadzuka pansi pa mkuyu. Anaphimba maso ndi dzanja poteteza dzuwa.

"A Evance? Mwafika! Tayimba foni yanu kuyambira dzulo madzulo, yosapezeka. Ndiye uthenga unakupezani?"

Evance anafinya chipewa m'manja.

Bamboyo anayang'ana thukuta, fumbi la m'miyendo, nsapato. Anagwira pakamwa.

"Mwathamanga wapansi kuchokera ku Namitete? Anthuni, taonani mkamwini uyu! Wamva za apongozi ake, osadikira n'komwe kabaza."

Pansi pa mkuyu panamveka kung'ung'udza koyamikira. Ena anagwedeza mitu. Wina anati akamwini a masiku ano ambiri amangotumiza uthenga pa foni. Bambo uja anagwira Evance paphewa. Anamuuza kuti akamwini anzake apita kale kumanda ndi makasu, am'pezera thalauza avale awatsatire. Koma ayambe waona mkazi wake, sanadye kanthu chichokereni mayi ake.

Mkamwini. Apongozi. Mkazi wake.

Mawuwo analowa mwa Prisca limodzilimodzi, mofanana, ngati mapazi aja pa phula. Linda anamugwira dzanja n'kulifinya. Sanayang'anane.

M'nyumba ya siwa munatuluka mkazi wamng'ono thupi, duku kumutu, khanda kumsana. Amayi awiri ankamugwirizira. Ataona Evance, anakhala pansi pakhonde pomwepo.

"Bambo a Thoko, amayi atisiya."

Evance anapita. Akanapita kuti kwina? Anagwada pafupi naye. Mkaziyo anatsamira mutu pa phewa lake, lakumanzere.

Amayi a m'gulu anawatengera kumbali ya amayi. Prisca anakhala pa mphasa, miyendo atatambasula. Pafupi naye panakhala mayi wa chitenje uja. Anati iye ndi Rabecca, mkulu wake wa Nelia, mkazi wa a Evance. Anathokoza kuti awaperekeza alamu awo pa tsiku lovuta chotere.

Ankalankhula motsitsa, ngati munthu amene walira mpaka kutopa ndipo akufuna nkhani ina iliyonse. Anati gulu lawo amalidziwa bwino. Loweruka lililonse Nelia ankadzuka m'mamawa kukaima pa zenera, mwana ali m'manja, kuti amuonetse bambo ake akudutsa. Kawiri konse anaphika thobwa kuti anzawo a mwamuna wake amweko.

"Koma alamu anakaniza. Akuti liwiro lanulo silola kuima, ngakhale kuyang'ana kumbali. Akuti ukangopereka moni, zonse zawonongeka. Ndi zoona, eti? Masewera ovuta."

Prisca anayang'ana chitenje chimene anavala. Chinali cha maluwa achikasu, chothimbirira m'mphepete. Pa mfundo yake panali kumangidwa kanthu, mwina mankhwala a mutu. Mfundo yaing'ono, yaukhondo. Ya m'banja lomwelo.

Mawu anali pa lilime. Akanatha kuwanena onse. Za amalume, za ankhoswe, za chipinda chimodzi chopanda pobisala munthu. Mudzi wonse unali pomwepo. Akanangodzuka.

Anayang'ana pakhonde. Nelia anali atamasula khanda n'kuyamba kuliyamwitsa, misozi ikugwera pamutu pake. M'nyumbamo munagona mayi ake.

"Ndi ovutadi, mayi," anatero Prisca. "Pepani ndi zovutazi."

A Gibson anapempha mwayi kwa eni mbumba, anapemphera mwachidule, napepesa m'malo mwa gulu. Anati iwo apitirira, a Evance atsala. Mawu awo anali osalala.

Ponyamuka Prisca anakumana ndi Evance pafupi ndi chigafa. Anali atavala thalauza yobwereka, yolekeza pamwamba pa akakolo. Khasu paphewa. Wotchi yakuda ikadali kudzanja.

Anasendera pafupi n'kunong'ona kuti afotokoza zonse, angomupatsa mpata.

Prisca anapinda maondo pang'ono, monga amachitira mkazi kwa mwamuna wa mwini. Anakweza mawu kuti a pafupi amve.

"Pepani maliro a apongozi anu, bambo a Thoko."

Evance anayang'ana pansi. Wina anamuitana kuchokera ku njira ya kumanda. Anapita.

Rabecca anawaperekeza mpaka pa masamba a mbali inayo ya mudzi. Prisca anavula chitenje, anachipinda bwinobwino, n'kubweza ndi manja awiri. Rabecca anati tsiku lina adzaime, thobwa lidzakhalapo. Prisca anangogwedeza mutu.

Gulu linatsala lokha pamsewu. Apolisi aja ankayang'ana nsapato zawo. Linda anayamba kunena kuti amukhululukire, iye ndi amene ankaseka. Prisca anati zisiye. Anapempha foni yake m'chikwama cha a Gibson.

Munali kale uthenga.

"Mbawala yanga, si mmene ukuganizira. Banja limeneli linatha kalekale mumtima mwanga. Ndinkadikira nthawi yabwino. Usandisiye, ndiwe mpweya wanga."

Analemba liti? Kuseri kwa chigafa, akuvala thalauza ya maliro?

Sanayankhe. Anatsegula dzina la amalume ake.

"Amalume, ankhoswe musawavutitse. Pa mzere paja ndidzafika ndekha. Ndidzafotokoza."

Anatumiza. Anabweza foni m'chikwama.

A Gibson anavala chipewa. Anakhosomola. Anati mtunda ukadalipo, ndipo Namitete sabwera yekha kudzawatenga. Koma Wotchi watsala. Asunga liwiro ndani?

Anthu anayang'anana. Wina anati angoyenda wapansi. Wina anati aitane a kabaza, lero zakanika.

Prisca anawerama n'kumanga zingwe za nsapato zake, yekha. Anadzuka n'kupita kutsogolo.

"Mwana wanga, ulibe wotchi," anatero a Gibson.

"Ndamvera mapazi amenewo miyezi yonseyi. Ndikudziwa pomwe ankanena zoona."

Ananyamuka. Miyendo inkafuna kuuluka. Inkafuna kuthawa mudziwo, Namitete, chigawo chonse, kukwera minibasi iliyonse monga ankachitira kale. Anaigwira. Kuthamanga sikufuna mkwiyo. Wabodza uja ananena zimenezo, ndipo zinali zoona. Mapazi awiri kukoka, mapazi awiri kutulutsa. Kumbuyo kwake mapazi a anzake anayamba kugwirizana ndi ake, mmodzimmodzi, mpaka msewu wonse unkagunda kamodzi.

Kumanja kwake kunali fumbi lokha.

Patsogolo panabwera ngolo ya ng'ombe ziwiri, yodzaza mapesi. Woyendetsa, bambo wa jekete long'ambika, anakokera ng'ombe kumbali kuti adutse.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero Prisca.

"Tadzuka bwino, kaya inu, amayi?"

"Tadzuka bwino. Zikomo."

Moni unatuluka wonse. Mpweya unakwana. Kumbuyo, belu la njinga ya a Gibson linalira kamodzi, kuvomereza.

Misozi yokha ndi imene inkathamanga liwiro lakelake.